Azakhali, Maho si wouma mtima ayi

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva tsopano lino, ndinali mu minibasi ndiye phokoso linali losaneneka. Ndati ndingoyankha ndi mawu pagulu pompano, chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, zala zingatope. Choyamba ndakondwa zedi kuti katuni ija ndinamusiyira msuweni wanga, Girls und Panzer, mwakhala naye pansi mpaka kumaliza magawo onse 12. Funso lanu ndalimva bwino. Mukuti kodi Maho uja, mkulu wake wa Miho, ali ndi mtima wanji? Amayi awo akunena zoti amukana mwana, iye ali phee pambali pawo, kenako n'kukathira mizinga mng'ono wake mu fainolo. Mwati mwana wachisamba sachita zotero.

Inenso ulendo woyamba ndinkamuona choncho, sindinama. Nkhope yosamwetulira, mawu owerengeka, maso ngati sakumudziwa n'komwe mbale wake. Koma pali zina zomwe katuniyo inangozikhudza pamwamba, zinakafotokozedwa m'mabuku a zithunzi aja a ku Japan amati manga. Nditawerenga amenewo, mtsikana uja ndinayamba kumumvera chisoni kuposa wina aliyense mu nkhani yonseyi.

Tiyambe ndi pakhomo pawo. Banja la Nishizumi, la ku Kumamoto, ndi eni ake a mwambo umodzi wotchuka wa masewera a akasinja aja, amene iwo amati senshado. Amayi awo, Shiho, ndiwo mutu wa mwambo umenewo, ndipo lamulo la pakhomopo ndi limodzi: pita kutsogolo, pambana, zina zonse pambuyo. Ndiye mukukumbukira chomwe chinamuthamangitsa Miho ku sukulu yake yoyamba ya Kuromorimine. Sukulu ija inali itatenga chikho zaka 9 zotsatizana, imafuna cha 10. Mu fainolo yolimbana ndi sukulu ya Pravda, mvula ikugwa, kasinja wa anzake anaterereka n'kugwera mu mtsinje. Miho ndi amene ankalamula kasinja wa mbendera, amene akangoomberedwa masewera atha. Iye sanaganize kawiri, anatuluka n'kudziponya m'madzi kukapulumutsa anzakewo. M'mbuyo muno kasinja wake anaomberedwa, chikho chinapita. Kunyumba, m'malo momufunsa ngati anthu atuluka amoyo, amayi ake anamudzudzula.

Tsopano imvani za bukulo. Dzina lake ndi Little Army, ndipo limatibweza m'mbuyo, Miho ali ku pulayimale, ali ndi zaka 10. Nthawi imeneyo anali kamtsikana kansangala, konyadira mkulu wake kwambiri. Anali ndi anzake atatu, Hitomi, Chihiro ndi Emi, amene ankaphunzira nawo kuyendetsa kasinja. Emi uyu magazi ake ena ndi a ku Germany, ndipo ankadana naye Maho koopsa, osafuna ngakhale kumva dzina lake. Miho ankadabwa kuti mkulu wanga anakulakwira chiyani. Kenako zinaululika. Pa mpikisano wina, timu ya Maho inkalimbana ndi timu ya ku Germany momwe munali mkulu wake wa Emi. Kasinja mmodzi wa timu ya Maho analowa m'ngozi. Kasinja wa mbendera wa adani aja anasiya nkhondo n'kupita kukathandiza. Mwamva, azakhali? Kukathandiza anthu a Maho. Ndipo Maho anamuombera pomwepo n'kupambana.

Pamenepa ndikudziwa mukuti, ndiye si zomwe ndikunenazi? Dikirani pang'ono. Miho zinamupweteka, mpaka analimba mtima n'kufunsa amayi ake maso ndi maso ngati kunali koyenera kuombera. Amayiwo anayankha ngati funsolo ndi lopusa, kuti n'zoona kunali koyenera. Ndipo apa m'pamene bukulo limatsegula mtima wa Maho. Iye sankasangalala nazo zomwe anachitazo. Koma anali atawerengera kale kuti pakhomo paja pakufunika wolowa m'malo mmodzi, munthu woti asenze dzina la Nishizumi ndendende momwe amayi akufunira. Akalephera iye, kapena akakana, katundu yense agwera pamutu pa Miho. Ndipo amamudziwa mng'ono wake, amadziwa kuti mtima wake wofewa uja ungasweke pansi pa katundu ameneyo. Ndiye anasankha kukhala mwana wangwiro wa amayi ake, osaphonya ngakhale kamodzi, n'cholinga choti Miho akhale womasuka. M'buku lomwelo amamuuza Miho kuti akafuna kusiya asiye, koma akapitiriza, apeze njira yakeyake.

Eeh, ine pamenepo ndinatseka buku kaye. Chifukwa taonani momwe zinthu ziwirizi zikuyang'anirana. Malo ena, ngozi ina, funso lomwelo: upulumutse munthu kapena upambane? Maho anaombera. Patapita zaka, Miho anadumphira m'madzi. Ndipo chomwe chinam'patsa Miho mpata wodumpha n'choti mkulu wake anali ataima kale pa malo a munthu woombera. Mmodzi anadetsa manja kuti winayo asadetse.

Alipo okonda katuniyi amene amati za m'mabukuzo tisazisakanize ndi za pa kanema, poti anajambula ndi munthu wina. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa mukabwerera ku katuniyo mutadziwa zimenezi, mupeza kuti zizindikiro zinalimo kale, ife ndi amene sitinkaziona. Mukukumbukira atangomaliza masewera ndi sukulu ya Saunders, dzuwa likulowa, foni ya Mako, mnzake wa Miho, inalira kuti agogo ake agwa, ali kuchipatala? Mwana uja, amene makolo ake anamwalira kale pangozi, anayamba kuvula nsapato kuti asambire panyanja. Ndani anatulukira? Maho. Anangolamula kuti atenge helikopita ya sukulu yawo, Erika, wachiwiri wake, akuwiringula, iye osasintha mawu. Sanamwetulire, sanamukumbatire mng'ono wake, anangodutsa Miho akuthokoza. Koma munthu wouma mtima sabwereketsa helikopita kwa timu yomwe akudziwa kuti mwina adzakumana nayo kutsogolo.

Nanga pa chipale chofewa paja, pamene timu yatsopano ya Miho inkalimbana ndi Pravda? Amayi awo atanyamuka kuti palibenso choonera, Maho ndi amene anawaletsa, kuti masewera sanathe. Ōarai, sukulu yatsopano ya Miho, itapambana, amayi n'kumati adani angochita chibwana, iye anawatsutsa, anati ndi luso la Miho. Kwa ife zikuoneka zochepa. Koma mwana amene moyo wake wonse sanawayankhepo amayi ake, mawu awiri amenewo ndi phiri.

Tsono funso lenileni, bwanji sanamulekerere mu fainolo, pomwe sukulu ya mng'ono wake ikanatsekedwa ikanagonja? Apa ndiyankha maganizo anga. Akanamulekerera, amayi awo akanaona, dziko lonse likanaona, ndipo aliyense akanati njira ya Miho ndi yachabe, anangomuchitira chifundo. Kuti njira ija iime payokha, inayenera kugonjetsa Nishizumi weniweni, atabwera ndi mphamvu zake zonse, akasinja 20 kulimbana ndi 8. Ndipo onani zomwe olemba anachita. Anamubwezera Miho pa mtsinje. Injini ya kasinja wa ana a chaka choyamba aja, timu ya Kalulu, inazima pakati pa madzi, adani akubwera m'mbuyo. Manja a Miho akunjenjemera pa maondo. Mnzake Saori n'kumuuza kuti pita. Iye n'kumanga chingwe m'chiuno, kuyamba kudumpha kuchoka pa kasinja wina kupita pa wina mpaka kukafika, anzake akumuteteza ndi mizinga. Chinthu chomwe chinam'chotsetsa ulemu chaka chatha, anachichitanso poyera, ndipo ulendo uno palibe anamutembenukira. Ana omwe anawapulumutsawo ndi amene pambuyo pake anakagwetsa akasinja awiri akuluakulu a Kuromorimine m'tauni muja. Pamapeto Maho atagonja, nkhope ija inamasuka koyamba, n'kugwirana chanza ndi mng'ono wake. Miho n'kumuuza kuti ndaipeza njira yanga. Ndi yankho la mawu aja anauzidwa ali ndi zaka 10.

Za Erika, wokalipakalipa uja, nayenso ali ndi buku lake, Phase Erika, losonyeza kuti iye ndi Miho anachokera limodzi kutali, ndiye ukali wake uli ndi bala la munthu wosiyidwa. Anzu naye, mtsogoleri wa ophunzira amene anamukakamiza Miho kubwerera ku masewerawa, munaona nokha kuti ankabisa nkhani ya kutsekedwa kwa sukulu kuti anzake asasewere ndi mantha. Koma amenewo tidzakamba tsiku lina.

Chomwe ndikufuna muone ndi filimu yomwe inatuluka mu 2015, yopitiriza nkhaniyi. Muli kachigawo kena kachete, kopanda mzinga ngakhale umodzi. Miho akufunika saini ya kholo pa mapepala a sukulu, ndiye akubwerera ku Kumamoto, mwamantha. Panjira akukumana ndi Maho akuyendetsa galu. Maho akumulowetsa m'nyumba mwakachetechete, amayi akufunsa ali m'chipinda kuti kwabwera ndani, iye n'kuyankha kuti ndi mnzanga wa kusukulu. Mapepala aja akusaina yekha. Chipinda cha Miho chili momwe anachisiyira, zidole zake za chimbalangondo zili pomwepo. Kenako akumuperekeza pa kasinja wamng'ono, Panzer II, yemweyo ankakwera ali ana popita kukasewera kumadzi. Ndipo nkhondo yaikulu ikafika, muona kuti woyamba kutulukira kudzaima mbali ya Ōarai ndi ndani.

Loweruka ndikubwera, ndibweretsa filimuyo pa flash. Mumuuze msuweni wanga asakaifufuze yekha pa foni, tidzaonere limodzi, ndikufuna ndidzakhale pompo Maho akamayankha amayi ake pakhomo paja. Moni kwa onse kunyumbako.