Achemwali, musakhudze pensulo asanakupatseni theka

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba mugulu lathu la ojambulali, za kasitomala amene akufuna muyambe kumujambulira asanakulipireni, mpaka nsima yandizizirira pambale. Mawu akuti "yambani kaye, ndalama tikupatsani bajeti ikatuluka" ndimawadziwa bwino ine. Ndi mawu omwewo amene anandidyera Khirisimasi ya 2023, ndipo mpaka lero ndikawamva m'mimba mumatentha.

Munali mu Novembala, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti muja. Mukukumbuka mmene zinthu zinadumphira mitengo sabata imodzi yokha. Ine mapepala a watercolour (penti wosungunula ndi madzi) ndi pentiyo ndimakagula ku Blantyre, ndiye ganizirani minibasi kupita ndi kubwera, kukafika n'kupeza mtengo wasintha. Nthawi imeneyo ndi imene anandiimbira bambo wina wa kampani ina ya m'tauni momwe muno. Dzina sinditchula, ngakhale ena mugulu muno mwina anakupusitsaninso. Ankafuna kalendala ya 2024 ya zithunzi 12 za malo a kuno ku Zomba, zojambula pamanja, kuphatikiza khadi limodzi la Khirisimasi lotumizira makasitomala awo. Tinagwirizana K480,000. Pakamwa. Ndinatchula zoti andipatsiretu theka la ndalamazo, iwo n'kuseka, amvekere "mwana wanga, ine ndingakuthawe? Ofesi yanga suikuiona?" Ndinachita manyazi chifukwa ndi munthu wamkulu, msinkhu wa bambo anga. Ndinakakongola ndalama ya zipangizo kwa mlamu wanga n'kuyamba.

Ntchito ndinaigwira ndi mtima wonse, zimenezo palibe anganditsutse. Sindinafune kukopera zithunzi za pa intaneti ayi. Ndinakwera ku Chawe kawiri, kukakhala pa Emperor's View paja anaimapo Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, kudikira nkhungu ichoke kuti ndione chigwa mpaka ku Chilwa. Ndinajambula damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, anyamata ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera phiri, chipilala cha asilikali a KAR, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ndi nyumba yakale ya malamulo, poti anthu amaiwala kuti likulu la dziko lino linali kuno mpaka 1975. Pofuna chithunzi cha tsamba la mwezi wa Juni ndinapita mpaka ku Kachulu kukajambula mabwato, chilumba cha Chisi chikuoneka patali. Amene mumagwiritsa ntchito watercolour kuno mukudziwa mmene Disembala amavutira. Chinyezi cha pansi pa phiri lino, pepala siliuma, umapaka mtundu woyamba m'mawa n'kudikira mpaka masana. Ukafulumira mitundu imalowana, pepala n'kufufuma. Usiku magetsi akazima ntchito yaima, chifukwa mtundu suoneka bwino pa tochi.

Ndiye bwanayo tsiku ndi tsiku pa WhatsApp. "Tumiza ndione." Phiri lachepa, likulitse. Amayi a mumsikawo akuoneka osauka, avale bwino. Bwato lichoke, uike galimoto ya kampani. Chithunzi cha msika chokha ndinachibwereza katatu. Ine n'kumatumiza, chilichonse chikatha ndichite scan, ndimutumizire chonse chathunthu, chopanda chizindikiro chilichonse pamwamba. Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha.

Koma chimene ndikufuna mumve si cha ndalama chokha. Chaka chimenecho ndinali ndi ntchito yangayanga. Amayi anga anatisiya mu Epulo, ndipo kuyambira Ogasiti ndinkajambula chithunzi chawo ndi makala pa pepala lalikulu la A1, atakhala pa malo awo mumsika, lichero la matemba patsogolo, mpango wawo wobiriwira uja kumutu. Chithunzi chabwino cha pa foni tinalibe, ndiye nkhope ndinkaitenga m'mutu, pang'onopang'ono, usiku ana atagona. Maso anandivuta milungu itatu. Tsiku limene ndinawapeza, mchemwali wanga wamkulu atalowa m'chipinda anangogwira pakamwa n'kutuluka. Kunatsala manja ndi lichero basi. Cholinga chinali choti ndipite nacho kumudzi ku Jali pa Khirisimasi, yoyamba popanda iwo, tikachipachike m'nyumba mwawo. Itabwera ntchito ya kalendala ndinati milungu inayi yokha, ndibwereranso. Ndinachichotsa pa thabwa, n'kuchiimika kuseri kwa kabati, chotsamira khoma.

Lachisanu pa 22 Disembala ndinanyamula zithunzi zonse 13 mu envelopu yaikulu, nditakulunga m'pulasitiki chifukwa mvula inayamba m'bandakucha. Ndinafika pa ofesi 9 koloko. Mtsikana wa pa desiki akuti bwana ali pa msonkhano, dikirani. Ndinakhala pa benchi mpaka 12 koloko, mpaka 2 koloko, m'mimba mulibe kanthu, nsapato zili chonyowa. Antchito akudutsa ndi mapaketi a shuga ndi mafuta ophikira omwe anawagawira a Khirisimasi. Kenako mnyamata wina analowa atasenza katoni, n'kuitula pafupi ndi mapazi anga. Katoniyo inang'ambika pakona. Ndinaona phiri langa. Achemwali, kalendala inali itasindikizidwa kale, mitolomitolo yomanga ndi mphira. Ndinasolola imodzi manja akunjenjemera. Anatenga zomwe ndinkatumiza pa WhatsApp zija n'kupita nazo kosindikiza. Inu mukudziwa mmene WhatsApp imafinyira chithunzi, ndiye pochikulitsa pa A3 mizere yonse inasweka, kubiriwira kwa phiri kunasanduka ngati ndowe, nkhope za amayi a mumsika zosaoneka maso. Pakona ya kumanja pansi, pamene ndimasaina, anadulapo n'kuikapo logo yawo. Miyezi yonse 12. Dzina langa panalibe ngakhale kumbuyo.

Bwanayo anatuluka cha m'ma 3 koloko, makiyi a galimoto m'manja. Ndinaimirira, kalendala ili m'manja, ndinati "bambo, ichi n'chiyani?" Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Akuti nthawi inatha, osindikiza amatseka, ndiye anangogwiritsa ntchito zomwe zinalipo. Akuti komanso mitundu sinatuluke bwino, makasitomala adandaula, ndiye mtengo uja tiyenera kukambirananso Januwale. Mitundu imene anaiononga yekha! Kenako anapisa m'thumba, n'kundipatsa K20,000, amvekere "ya transipoti mwana wanga, kalendalayo tenga, ukaonetse anzako, ikutsatsa." Ikunditsatsa bwanji dzina mwadula? Mawu anandithera. Ndinalandira ndalamayo, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero, koma kunyumba kunalibe ngakhale mpunga. Envelopu ya zithunzi zenizeni sanaifunse n'komwe.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Chinamwali mvula ikundimenya, sindinafune kuonana ndi munthu mu minibasi. Kufika kunyumba magetsi kulibe. Ndinati basi, ndalama zapita, koma mawa ndi mkuja ndimalize manja a amayi, Lolemba ndipite nacho ku Jali. Ndinakankha kabati, n'kuunika ndi tochi ya foni. Khoma lija linali likuyamwa madzi mwezi wonse ine osadziwa. Pepala linamatirira kukhoma, chuku chakuda ndi chobiriwira chitayala kuyambira pa mpango mpaka pachibwano. Ndinayesa kulimatula pang'onopang'ono, linasiya khungu lake pakhoma. Maso aja, a milungu itatu aja, anatsala pa laimu. Ndinakhala pansi pomwepo. Mkazi wanga anabwera ndi kandulo, anaona, sanalankhule, anangokhala nane pa simenti mpaka kandulo inatha. Ku Jali ndinapita chimanjamanja, ndipo mchemwali wanga atafunsa kuti chithunzi cha amayi chili kuti ndinanama kuti sichinathe.

Anthu amenewa amationa ngati ana osewera ndi makirayoni. Munthu yemweyo sangatenge thumba la simenti mu hadiweya osalipira, sangauze wa kabaza kuti ndikulipira bajeti ikatuluka, koma wojambula ndiye wodyera masuku pamutu. Amati ndi luso lochokera kwa Mulungu, ngati kuti Mulungu amatigulira mapepala. Ndipo amadziwa bwino kuti Disembala tili pa mpanipani, fizi ya Januwale ikutidikira, ndiye amabwera nthawi yomweyo ndi mawu okoma. Ndalama zanga ndinazitola ngati mtedza, K50,000 mu Febuluwale, ina mu Meyi, zonse pamodzi sizinafike ndi theka lomwe. Mnzanga wina anati ndipite ku COSOMA, poti iwo ndi amene amaona za umwini wa ntchito zaluso, koma m'manja ndinalibe pepala lililonse losainirana, ma voice note okhaokha, ndipo mphamvu zinali zitandithera.

Ndiye inu chitani izi. Theka patsogolo, pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, musanagule ngakhale chofufutira. Lembani papepala kuchuluka kwa zithunzi, kukula kwake, tsiku lopereka, kuti kusintha ndi kawiri kokha kopitirira apo alipira, ndi kuti dzina lanu lisachotsedwe. Asaine. Zoonetsa pa foni zizikhala zazing'ono, dzina lanu litadutsa pakati penipeni pa chithunzi, osati pakona pamene angadule. Fayilo yeniyeni ya 300 dpi (yosasweka posindikiza), ya CMYK (mitundu ya makina osindikizira), yokhala ndi 3 mm zapadera m'mbali zodulira, ituluke ndalama yomaliza italowa, ndipo ngati n'kotheka mukaipereke nokha kwa osindikiza muone pepala loyamba.

Koma musaikane ntchitoyo ayi, ndisakunamizeni. Chaka chonse timakhala tikuyang'ana kumwamba, Disembala ndi pamene kumabwera makalendala, makhadi a ukwati ndi zithunzi za mphatso. Akakakamira kuti theka alibe, tengani ngakhale ya zipangizo yokha. Ineyo sabata yatha ndayamba chikwangwani cha sewero la Khirisimasi la ana a kutchalitchi kwathu popanda tambala, komanso chithunzi cha agogo ena a ku Matawale omwe mdzukulu wawo walonjeza kulipira akalandira. Anthu ena umawaona pamaso kuti sangakubere. Ngakhale bambo ujanso ndinamuona pamaso.

Za zojambula zanuzanu zomwe mukuti muziimika kaye mpaka chaka chatsopano, musaziimike. Zipatseni ola limodzi m'mawa musanakhudze za kasitomala. Ngati mwaziikadi pambali, zigoneke chafulati pamwamba, pakati pa makatoni awiri ouma, kutali ndi khoma, ndipo muziziyang'ana sabata iliyonse mvula ino. Za makala muzipopere fixative, mankhwala ogwiriza makala papepala, musanasunge. Ine pepala lina la A1 ndinagula chaka chatha, lili mu pulasitiki pamwamba pa wadiropu. Ndayesa kawiri pa mapepala ang'onoang'ono kuwapezanso maso aja, sakubwera. Panopa ndili ndi maoda anayi oti atuluke pasanafike pa 20 Disembala, ndiye pepala lija ndati ndilitsitsa pa 2 Januwale.