Chiuli chinali ndi nyongolotsi m'matumbo, nyama yake tidye?

Bambo wina woweta njuchi ku Namwera wanditumizira imelo. Akuti agalu awo anapha chiuli chomwe chinkaswa ming'oma usiku. Atachitumbula anapeza nyongolotsi zoyera, zotalika ngati chala, zikuyendayenda m'matumbo. Matumbowo anaponyera agalu, nyama ili pamoto akuiwamba. Akufunsa kuti poti matumbo achoka, nyamayo angadye?

Bambo, chonde musadye, ndipo ana asailawe n'komwe.

Nyongolotsi munaziona zija si zachilendo. Chiuli sichisankha chakudya: mbewa, abuluzi, njoka, ngakhale nyama yofa yokha, zonse chimameza, ndiye m'mimba mwake simungakhale mopanda alendo. Zondidetsa nkhawa ine ndi zomwe simunazione. Pali kanyongolotsi kotchedwa Trichinella kamene kamapezeka mu nyama zodya zinzake. Tiana take sitikhala m'matumbo ayi, timakadzipinda mkati mwa mnofu, ndipo maso sangatione. Nyama imaoneka yofiira bwinobwino. Ku South Korea, anthu oyamba kupezeka ndi matendawa mu 1997 anali atadya nyama yosaphika ya mtundu wina wa chiuli wa kumeneko.

Kuwamba sikupha tizilomboti. Kuyanika padzuwa kapena kuthira mchere, chimodzimodzi. Tizilomboti timafa nyama ikapsa mpaka mkati, kufika madigiri 71, koma nyama yowamba ambirife timangoing'amba pamoto pomwepo, mkati mukadali madzi ofiira.

Ngati wina walawa kale, muyang'anireni. Masiku oyamba amatsegula m'mimba ndi kuchita nseru. Pakapita masabata awiri kapena kuposerapo thupi limatentha, minofu imaphwanya, zikope zimatupa. Kwathu kuno tikangomva kutentha thupi timati ndi malungo. Mukapita ku chipatala cha boma ku Mangochi kapena chapafupi, muwauze adokotala mosabisa zomwe munthuyo anadya. Mankhwala monga albendazole amathandiza akayambidwa msanga.

Za agalu zandisowetsa mtendere kwambiri. Chiuli n'cholimba khungu, chimalimbana ngakhale ndi mikango. Chikagonja kwa agalu a pamudzi, n'kutheka kuti chinali chodwala kale, ndipo chiwewe chimagwiranso ziuli. Pitani nawo kwa alangizi a ziweto lero lomwe, muwauze kuti agaluwo analumana ndi chiuli komanso anadya matumbo ake.

Nyamayo ikwirireni m'dzenje lakuya loti agalu asafukule. Ming'oma yotsalayo muipachike ndi waya patali ndi thunthu la mtengo, chifukwa chiuli chimakwera.