Funsani Azakhali: ndikuopa njoka, bambo akufuna njinga yamoto

Azakhali moni. Ine ndi bambo akunyumba takhala tikusunga kandalama kwa zaka zitatu ndiye mwezi wa Juni tikupita kokapuma ku Thailand masabata awiri, tikufuna tikadutsenso ku Laos. Koma chigulireni matikiti tulo sindikupeza, ndikangotsegula foni ndi mavidiyo a njoka, zinkhanira ndi ma shaki basi. Bambowa akungondiseka akuti ife tinakulira kotentha, malungo tadwala kambirimbiri ndiye kulibe chachilendo uko, akutinso tikafika tikabwereke njinga yamoto poti ndi yotchipa kuposa takisi, chonsecho iwowo njinga yamoto anayendetsapo kawiri kokha moyo wawo wonse. Akulondola ndani pa awirife?

Mayi wankhawa

Mwana wanga, nonse awiri mwaphonya, kungoti kuphonya kwanuko kukungokulandani tulo pomwe kwa bambowo kutha kukugonekani nonse m'chipatala.

Njoka ziliko sindikukana, koma mlendo wogona kuhotelo, wongoyenda m'tauni ndi kugombe, nthawi zambiri amabwerako osaionako n'komwe. Chimene chimapweteka alendo ndi msewu. A bungwe loona zaumoyo la WHO amati padziko lonse ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo Thailand ili m'gulu la maiko omwe zinthu zili poipa kwambiri, ambiri mwa omwalira kumeneko ndi apanjinga zamoto. Ndiye tangoganizani munthu woyendetsapo kawiri, msewu sakuudziwa, zikwangwani sakutha kuwerenga, mvula ya Juni yanyowetsa tala, kumbuyo wanyamula mkazi wake amene akungoyang'ana m'tchire kufunafuna njoka. Ayi ndithu. Komanso nkhani yomwe anthu amaidziwa atagona kale pabedi ndi ya inshuwaransi, makampani ambiri salipira ngati munachita ngozi mulibe laisensi ya njinga yamoto kapena simunavale helemeti, laisensi ya galimoto siithandiza apa, bilu yonse imakhala yanu ndipo zipatala zomwe si zaboma kumeneko sizisekerera. Ena obwereketsa njingazo amafunanso kuti musiye pasipoti ngati chikole, musayerekeze, pobweza adzakuonetsani kokalika komwe kanalipo kale n'kukutchulirani ndalama zomwe afuna pasipoti yanu ili m'dilowa mwawo. Awuzeni bambo kuti Azakhali akana, kwerani takisi, sitima kapena basi yamasana.

Tsono izi zoti tinakulira kotentha. Malungo mukuwadziwa inde, koma udzudzu suli mtundu umodzi. Wa malungo uja umaluma usiku n'chifukwa chake neti imathandiza, ndipo m'mizinda ngati Bangkok ndi Phuket malungo si nkhani kwenikweni, amapezeka kwambiri kunkhalango za m'malire ndi Myanmar ndi Cambodia komanso kum'mwera kwa Laos, ngati mukafika kumeneko kaonaneni ndi dokotala musananyamuke akupatseni mapiritsi oteteza. Akakupatsani doxycycline mumayamba kutatsala tsiku limodzi kapena awiri ndipo mumapitiriza masabata anayi mutachokako, anthu ambiri amasiya akangofika kunyumba, komanso imapangitsa khungu kupsa msanga padzuwa.

Amene ndikufuna mumuope ndi udzudzu wa Aedes, wakuda wamizere yoyera m'miyendo, umaluma masana makamaka m'mawa ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, umaswana m'tauni momwemo m'timadzi ta m'matayala akale ndi m'miphika ya maluwa. Umenewu ndi umene umafalitsa matenda a dengue ndipo nyengo yamvula ndi nthawi yake yeniyeni. Kudwalapo malungo sikukutetezani ku dengue ngakhale pang'ono, ndipo mapiritsi omwa kuti musaitenge kulibe, chitetezo chachikulu ndi kusalumidwa: mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi mankhwala otchedwa DEET, zovala zopepuka zamanja aatali, chipinda chokhala ndi sefa m'mawindo. Mukadzola mafuta oteteza kudzuwa yambani amenewo, a udzudzu pamwamba.

Thupi likatentha, mutu kupweteka kuseri kwa maso, mafupa ngati akumenyani ndi zibonga, musangoti ndi malungo ndikuwadziwa n'kumwa zomwe munanyamula m'chikwama. Kayezetseni. Ndipo mvetsetsani apa, pa dengue aspirin ndi ibuprofen ndi zoletsedwa chifukwa zimawonjezera kutaya magazi, imwani paracetamol yekha ndi madzi ambiri. Chinyengo cha matendawa n'choti nthawi yoopsa imabwera kutentha thupi kukamatsika, cha pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, munthu n'kumati ndachira. Mukaona m'mimba mukupweteka kwambiri, kusanza kosalekeza, magazi m'nkhama kapena m'mphuno, thamangani kuchipatala usiku womwewo. Ngakhale mutabwerako bwinobwino, thupi likatentha patapita masabata muuzeni dokotala komwe munapita, asakufunseni n'kufunsa.

Mwatchula Laos ndiye ndinene izi. Mu Novembala 2024 alendo asanu ndi mmodzi anamwalira atamwa mowa wokhala ndi poizoni wotchedwa methanol m'tauni ya Vang Vieng, ambiri mwa iwo atsikana achichepere. Methanol mu mowa simungaizindikire ndi lilime kapena mphuno, munthu amangoona ngati matsire wamba kenako pakapita maola 12 mpaka 24 maso amayamba kuchita chifunga, kupuma kumavuta. Mowa waulere wa m'timakapu, wosakanizasakaniza m'ndowa, wotchipa mokayikitsa, usiyeni. Botolo litsegulidwe inu mukuona. Madzi akumwa chimodzimodzi, a m'botolo lomata, ndipo nyamulani timapaketi ta ORS chifukwa kutsegula m'mimba ndiye kumagwira alendo ambiri kuposa china chilichonse, ndipo kukaphatikizana ndi kutentha madzi amatha m'thupi msangamsanga.

Kunyanja iwalani za shaki. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala magombe a ku Phuket amakhala ndi mafunde amphamvu ndipo pamakhala timikwasa ta madzi tothamangira mkati mwa nyanja, pamwamba pamaoneka pabata kuposa pena ponse n'chifukwa chake anthu amasankha pomwepo. Mbendera yofiira ikakhala pagombe musalowe, kaya ena akusamba. Madzi akakukokani musalimbane nawo kulunjika kumtunda, mutopa n'kumira, yandamani, kwezani dzanja, sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatulukamo.

Nyama yoti musamale nayo ndi galu wongoyendayenda ndi anyani a m'makachisi aja anthu amakonda kujambulitsa nawo. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse ndipo zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, yang'anani pawotchi, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kukabayitsa, osati tikaona tikafika kwathu. Mavidiyo a njokawo asiyeni kaye, nthawi imeneyo jambulani pasipoti, viza ndi pepala la inshuwaransi, musunge mufoni ndipo kope ina musiyire m'bale.

Azakhali, akuntchito akunditumiza ku Brazil mwezi wamawa. Katemera wa yellow fever, matenda aja ofalitsidwa ndi udzudzu, ndinabayitsa mu 2012 ndipo pakadi analemba kuti ndi wa zaka khumi, anzanga akuti ndikabayitsenso apo ayi andibweza pa eyapoti. Zoona? Komanso mnzanga wina wandipempha kuti pobwera ndikamutengere kaphukusi kwa m'bale wake, ndavomera kale.

Mnyamata wa paulendo woyamba

Za katemerazo anzanuwo atsalira. Kuyambira pa 11 Julaye 2016 malamulo a zaumoyo a padziko lonse anasintha, kubaya kamodzi ndi kwa moyo wonse ndipo kadi yakale ikugwirabe ntchito ngakhale panalembedwa zaka khumi. Bola kadiyo ndi yeniyeni, ili ndi chidindo ndipo dzina likufanana ndi la pa pasipoti. Muiike pamodzi ndi pasipoti osati m'chikwama chachikulu, poti Brazil ndi dziko lomwe matendawa aliko ndiye maiko ena amaifuna mukamachokera kumeneko, ngakhale mukungodutsa maola angapo. Amene sanabayitsepo akumbukire kuti kadi imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10. Dengue nayonso kumeneko ndi yambiri, mu 2024 odwala anapitirira 6 miliyoni, ndiye zomwe ndawauza mayi pamwambapa ndi zanunso.

Koma kaphukusiko achimwene, mwandidetsa nkhawa. Mwina mnzanuyo ndi munthu wabwino, m'bale wakeyo mukumudziwa? Apolisi a pa eyapoti akapeza mankhwala ozunguza bongo m'chikwama safunsa kuti mwini wake ndani, amamanga wonyamula, ndipo njira zochokera mumzinda wa São Paulo ku Brazil komweko amazilondera kwambiri chifukwa cha cocaine. Kuvomera kale si ngongole. Muuzeni kuti mudzanyamula chokhacho chimene mwagula nokha m'shopu ndi lisiti yake, akakwiya mumulozere kumakampani otumiza katundu.