Bambo akunjenjemera ndipo ayamba kuona ana amene palibe: kodi mankhwala alipo?

FUNSO

Akonzi, bambo anga ali ndi zaka 71. Kwa zaka zisanu tsopano dzanja lawo lamanja limanjenjemera akangokhala phee, chala chachikulu chikukhudzana ndi chamkombaphala ngati akupota ulusi. Amayenda mokwekwereza mapazi, ndipo akafika pakhomo amaima ngati mapaziwo amatirira pansi. Kuchipatala chachikulu anatiuza kuti ndi matenda a Parkinson. Chaka chino ayamba kuona ana atakhala pamphasa madzulo, mpaka amatiuza kuti tiwapakulire nsima, ndipo achibale ena akuti amenewo ndi ana amene bambo amawaphunzitsa ufiti. Titapita nawo pachipatala china chaching'ono anapatsidwa mankhwala a misala, koma patangotha masiku atatu anauma thupi lonse osatha kudzuka. Kodi amenewa ndi matenda awiri? Kodi asayansi apeza mankhwala ochiziratu? Tamvanso kuti kalongonda amathandiza, kodi tiwapatse?

Mwana wawo wamkazi, ku Dedza

YANKHO

Pepani ndi matenda, mayi. Wogamula ndi dokotala amene awaone bambo pamaso, koma zimene mwalembazi zikugwirizana kwambiri ndi nthenda imodzi yomweyo imene yafika pena. James Parkinson, dokotala wa ku London, anailongosola mu 1817. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa substantia nigra, kamene maselo ake amapanga dopamine, yemwe amathandiza kuti thupi liziyenda mofewa munthu akafuna kusuntha. Maselowo akamafa pang'onopang'ono, dzanja limanjenjemera, ziwalo zimauma ndipo mayendedwe amachedwa. Mu 1912 Friedrich Lewy anaona timibulu tachilendo m'maselo a ubongo wa anthu amene anamwalira ndi nthendayi, ndipo mu 1997 asayansi a ku Cambridge anasonyeza kuti timibuluto ndi puloteni yotchedwa alpha-synuclein imene yaundana. Timibuluto tikafalikira ku mbali za ubongo zimene zimagwira ntchito yoganiza ndi yomasulira zimene maso aona, wodwala amayamba kusokonezeka nzeru, tsiku lina kukhala bwinobwino lina ayi, ndi kuona anthu, ana kapena tinyama timene palibe. Ana a pamphasa aja ndi chizindikiro chimene madokotala amachidziwa bwino, ndipo odwala a ku Japan kapena ku Britain amasimba zofananazo.

Pa nkhani ya achibale ndilankhula mosabisa mawu, chifukwa okalamba ambiri m'dziko muno amenyedwa, kuotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa kumene pa mphekesera zoterezi. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito m'Malawi, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Musadikire kuti nkhaniyi ikule. Pitani kwa amfumu ndi kwa atsogoleri a mpingo wa bambo mutanyamula buku lawo la kuchipatala, ndipo ngati nkotheka, amene akutsogolera mphekeserazo adzatsagane nanu kwa dokotala kuti akamve ndi makutu awo.

Chimene chandidetsa nkhawa koposa m'kalata yanu ndi mankhwala amene anawaumitsa thupi aja. Mankhwala akale a matenda a maganizo, monga haloperidol ndi chlorpromazine, amagwira ntchito potsekereza dopamine, ndiye kwa munthu amene dopamine wake ndi wochepa kale, kuli ngati kutseka mpopi umene unali kungodontha. Anthu ambiri amene ali ndi timibulu ta Lewy amadwalika nawo kwambiri, ena mpaka kutaya moyo. Metoclopramide, amene amaperekedwa poletsa kusanza, amachitanso chimodzimodzi. Pemphani dokotala alembe mayina amenewa patsamba loyamba la buku la bambo, ndipo muzisonyeza tsambalo kulikonse kumene mungapite nawo. Onaninso ngati akumwa benzhexol, amene ena amati Artane. Mankhwalawa amapezeka mosavuta ndipo amachepetsadi kunjenjemera, koma kwa okalamba amasokoneza mutu ndi kuwonjezera kuona zinthu kulibe, kotero dokotala angafune kuwachepetsa pang'onopang'ono. Kusokonezeka kukakula mwadzidzidzi, kawirikawiri pamakhala china chimene chayambitsa, monga matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, malungo kapena kudzimbidwa kwa masiku ambiri, ndipo chimenecho chikachizidwa wodwala amabwererako. Ngati zonsezi zaunikidwa koma vuto likupitirira, alipo mankhwala monga rivastigmine amene amathandiza ena kuganiza bwino ndi kuchepetsa zooneka zija.

Mankhwala odalirika a kayendedwe ndi levodopa, amene amaphatikizidwa ndi carbidopa, ndipo akafika mu ubongo amasanduka dopamine. Arvid Carlsson wa ku Sweden anaonetsa mphamvu yake pa akalulu mu 1957, ndipo George Cotzias wa ku New York anasonyeza mu 1967 kuti odwala amene anali osatha kuyenda akhoza kudzuka nawo. Sachiza nthendayi, koma amabwezera munthu zaka zodzidyera yekha ndi kudzivalira yekha. Amafunika kumwedwa pa nthawi yake tsiku lililonse, makamaka mphindi 30 chakudya chisanafike, popeza mapuloteni a mu nyemba, usipa kapena nyama amalimbirana nawo njira m'matumbo. Sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi, choncho kakatengeni ena akale asanathe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni anali ndi Parkinson, ndipo levodopa ali pamndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri. Zimandiwawa kuti mankhwala amene akhalapo zaka zoposa 50 akusowabe m'zipatala zambiri za mu Africa, mpaka mabanja kumagula okha pa mtengo umene mlimi sangaukwanitse mwezi ndi mwezi.

Mankhwala ochiziratu kapena oimitsa nthendayi sanapezeke, ndipo aliyense amene angakutsatseni otero pa Facebook kapena pamsika akufuna ndalama zanu. Kafukufuku yekha akuyenda. Ambiri anayembekezera zabwino kwa exenatide, mankhwala a shuga amene poyamba anaoneka ngati akuteteza maselo a ubongo, koma kafukufuku wamkulu wa ku Britain wa anthu 194, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2025, anapeza kuti sanathandize. Chaka chomwecho asayansi a ku Kyoto University ku Japan analengeza kuti anaika maselo atsopano opanga dopamine mu ubongo wa odwala asanu ndi awiri, ndipo maselowo anakhazikika osayambitsa zotupa; ndi chiyambi cholimbikitsa, ngakhale kuti anthu asanu ndi awiri ndi ochepa kwambiri. Mu 2023 kunatsimikizikanso njira yopezera alpha-synuclein woundana m'madzi a mumsana, imene ingathandize kuzindikira nthendayi msanga. M'chaka chomwecho gulu la asayansi, mmodzi mwa atsogoleri ake ali Pulofesa Njideka Okubadejo wa ku University of Lagos, linapeza kusintha kwina m'chibadwa, pa mbali yotchedwa GBA1, kumene kumawonjezera chiopsezo cha Parkinson ndipo kumapezeka makamaka mwa anthu a mtundu wa ku Africa. Opaleshoni yoika timawaya ta magetsi mu ubongo iliponso, koma siyenera munthu amene wayamba kusokonezeka nzeru.

Zimene mwamva za kalongonda zili ndi pamene zachokera. Nyemba zimenezi, zimene ndi mtundu umodzi ndi chitedze, zili ndi levodopa wachilengedwe, ndipo n'chifukwa chake amayi amaziphika nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo kuti zisaledzeretse. Madokotala a ku Milan ku Italy, motsogozedwa ndi Roberto Cilia, anayesa ufa wa nyembazi zokazinga pa odwala 18, ndipo mu 2017 anasonyeza kuti umafewetsa thupi mofanana ndi mapilitsi. Atayesa kuupereka tsiku ndi tsiku kwa odwala 14, theka la iwo anasiyira panjira, ena chifukwa cha vuto la m'mimba, ena chifukwa thupi linayambanso kuuma. Mphamvu ya nyembazi imasiyana malinga ndi mbewu ndi kakonzedwe, ndipo levodopa akachuluka amawonjezera kuona zinthu kulibe. Ku Mozambique anthu ambiri anasokonezekapo mutu atadya nyembazi zosakonzedwa bwino pa nthawi ya chilala. Kwa bambo anu, amene akuona kale ana pamphasa, musayese nokha kunyumba.

Pakhomo pali zambiri zimene zili m'manja mwanu. Mafizo ndi kuyenda tsiku ndi tsiku zimathandiza kwambiri, choncho pemphani kuti akaonane ndi a mafizo kuchipatala cha boma. Mapazi akamatirira pakhomo musawakoke dzanja, chifukwa angagwe. Awerengereni mokweza kuti "wani, thuu, wani, thuu", kapena ayimbireni nyimbo ya kutchalitchi imene amaikonda, kapenanso jambulani mizere ya makala pansi yoti aziidumpha, ndipo mudzaona phazi likunyamuka. Podzuka ayambe akhala kaye m'mbali mwa bedi, popeza magazi amatsika mphamvu akaimirira msanga ndipo amachita chizungulire. Azidya atakhala tsonga, nsima yofewa ndi mbamu zing'onozing'ono, chifukwa chakudya chikalowera ku mapapo chimayambitsa chibayo. Madzi ambiri, masamba ndi papaya zimathandiza kudzimbidwa. Inunso musasenze nokha mtolowu: gawanani masiku ndi abale anu, ndipo amene ali kutali athandize kugula mankhwala.

Madzulo ana aja akabwera, musakangane nawo bambo kapena kuwaseka, chifukwa kwa iwo anawo akuoneka bwinobwino monga mmene inu mukuonekera. Ngati sakuchita mantha, mukhoza kungowayankha kuti, "Ine sindikuwaona, bambo, koma ndili nanu pompano." Kenako yatsani nyali mdima usanagwe, chotsani zovala zopachikidwa pakhoma zimene mumdima zimaoneka ngati munthu, pindani mphasayo, ndipo lembani m'kabuku nthawi imene zachitika ndi mankhwala amene anamwa tsikulo, kuti mukamusonyeze dokotala pa ulendo wotsatira.