Alamu, musazikande kaye zapamwalazo

Alamu mwadzuka bwanji ku Joniko? Voice yanu ija ndaimva, zithunzinso ndaziona, ndiye ndati ndingoyankha pagulupu pompano pakamwa chifukwa kuti ndizilemba zonsezi zala zitopa. Mwati abwana anu apita ku holide akusiyirani thanki ya nsomba ya madzi amchere ija kuti muziyang'anira, ndiye pamwala pamera tinthu tabulawuni tokhala ndi timanja, mukufunsa ngati ali ma coral, tamoyo ta m'nyanja yamchere tomera pamiyala tija, ang'onoang'ono akubadwa kapena ndi zoipa.

Choyamba chenicheni, musazikhudze kaye. Osakanda ndi mpeni, osazula ndi chala, osatulutsa mwalawo kukautsuka pa sinki, chonde alamu. Thanki imeneyi si ngati ija ya mbuna za kunyanja kwathu yoti mumangopisamo dzanja, muno muli zinthu zina zoti zikhoza kukugonekani kuchipatala.

Zithunzi zija mwajambula magetsi a buluu ali oyaka, ndiye chilichonse chikuoneka chofanana. Muyatse oyera okhaokha, foni muigunditse pagalasi mujambulenso. Komabe pachithunzi chachiwiri chija, kaja kali mumphako pansi pa mwala waukulu, ine ndikuona kuti ndi aiptasia, mtundu wina wovutitsa wa anemone, kanyama kofewa kokhala ndi timanja komamatira pamwala. Mmene mungaidziwire ndi chonchi, imakhala yabulawuni koma yoonekera mkati, kuwala kumadutsa, timanja take ndi tatitali, toonda, tosongoka kumapeto, timangogwedezeka ndi madzi, ndipo ili ndi tsinde lalitali lomwe limalowa mkati mwa bowo la mwala. Ndiye mutenge kamtengo koyera bwino kapena paipi yodyetsera ija muyandikize pang'ono chabe, ikakhala aiptasia ingoti zii kulowa mubowo nthawi yomweyo, simuionanso mpaka patapita kanthawi. Coral sathawa choncho, iye amangofinyika pang'onopang'ono ali pamalo pomwepo.

Kuipa kwake imaluma ma coral oyandikana nawo, timanja take tili ndi ululu, ndiye muona coral wa mbali imeneyo wasiya kutseguka kenako wayamba kuyera. Komanso imaswana moopsa, ili ngati kapinga, mukati mulime ndi khasu kachidutswa kalikonse kotsala kamamera pakokha. Ndi chifukwa chake ndikuti musakande, mukanda imodzi mwezi wamawa mupeza zadzaza mwala wonse. Ngakhale osaikhudza, ikamasuntha imasiya tizidutswa ta phazi lake kumbuyo ndipo timeneto timasanduka ana. Imalowa mu thanki itabisala m'miyala kapena pansi pa timapulagi tomwe amamatirapo ma coral ogula, sikuti inuyo mwalakwitsa penapake ayi, musadandaule.

Palinso mnzake wina amati majano, uyu ndi wamfupi wonenepa, wobiriwirako, timanja take tafupitafupi totupa kunsonga. Ndi wokongola ndithu moti anthu ambiri amamusunga poganiza kuti apeza anemone yaulere, koma naye amaluma ndipo amayendayenda pamwala.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Pachithunzi choyamba paja pali tina tambirimbiri tothinana pamodzi, tozungulira, pakati pali pafulati ndi kakamwa, m'mbali timanja tafupi tondandalika bwinobwino. Amenewo ndi ma coral enieni, ma zoa kapena ma paly, abwana anu anachita kugula ndi ndalama. Mukayang'ana pansi pake muona kuti onse ndi olumikizana ndi kachikopa kamodzi kokuta mwala, pamene aiptasia iliyonse imaima payokha. Ma paly abulawuni ndi amene amasokoneza anthu kwambiri chifukwa mtundu ndi womwewo. Koma alamu, ma paly ena ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, woopsa zedi, amalowera pabala, m'maso, mkamwa, ngakhale kuupuma kumene. Munthu akathira madzi otentha pamwala wa ma paly kapena kuukwecha ndi bulashi, nthunzi yake imadwalitsa nyumba yonse, ku England mu 2018 banja lina linathamangitsidwa nalo kuchipatala chifukwa chotsuka miyala ya mu thanki basi. Ndiye ngati mupisa dzanja, magolovesi aatali, magalasi kumaso, mukatha kusamba m'manja ndi sopo, ndipo ngati muli ndi bala padzanja tsiku limenelo musapisemo n'komwe. Mukadzamva kuti chifuwa chikubanika, kutentha thupi kapena mkamwa mukumveka ngati chitsulo mutagwira mu thankimo, pitani kuchipatala msanga ndipo mukawauze kuti munagwira ma coral.

Tina mungaone ndi tinthenga tozungulira totuluka mu kapaipi koyera, timenenso timathawa msanga, koma ndi nyongolotsi chabe, ma feather duster, tilibe vuto timangosefa madzi, tisiyeni.

Za kupha aiptasia, ine ndikanakonda muwatumizire kaye abwanawo chithunzi pa WhatsApp anene okha, thanki ndi yawo ndipo za mmenemo ndi zodula. Akavomera, muyang'ane mu kabati pansi pa thanki mwina muli kabotolo ka Aiptasia-X ka kampani ya Red Sea, kamabwera ndi sirinji yake. Muzimitse mapampu onse madzi akhale bata, muyandikize sirinji mwakachetechete kuti isathawe, muthire pakamwa pake penipeni mpaka pakutike, imameza yokha. Mudikire mphindi 15 musanayatsenso mapampu, ndipo osaiwala kuyatsa. Ena amagwiritsa phala la kalkwasser, laimu wa mu thanki, limagwira ntchito koma mukachulutsa limakweza pH, muyeso wa asidi m'madzi, ndiye muzipha zochepa patsiku osati zonse kamodzi, komanso lisadonthere pa coral chifukwa limawotcha.

Zikakhala zambiri pali tizilombo tothandiza. Ma peppermint shrimp amadya ting'onoting'ono, koma pogula pamafunika maso chifukwa pali camel shrimp wofanana naye, wa linunda pamsana ndi mizere yoyera yowala, ameneyo m'malo mothandiza amakadya ma zoa aja. Kuli ka Berghia, kankhono kopanda chigoba koyererako, chakudya chake ndi aiptasia basi, kamatuluka usiku, zikatha nako kamafa ndi njala pokhapokha mukapatse munthu wina. Nsomba ya copperband anthu amaitchula kwambiri koma ine sindiilimbikitsa, imavuta kudya, zambiri zimangofera mu thanki, ndimamva nazo chisoni. Koma zogula zamoyozi musiyire eni ake akabwera.

Inu panopa chanu ndi kuchepetsa chakudya, muzipatsa nsomba zoti zimalize pompo chifukwa zotsala ndi zimene zikunenepetsa aiptasia. Madzi akatsika muziwonjezera osefedwa ndi makina a RO opanda mchere aja, osati amchere, osatinso apampopi, mchere suuluka umatsala momwemo. Mchere uzikhala pa 1.025 pa choyezera mchere, kutentha kwa madzi cha pa madigiri 25 Celsius.

Jambulaninso ndi magetsi oyera, china chapafupi china cha mwala wonse, ndipo muyese za kamtengo zija mundiuze ngati kathawira mubowo kapena kangofinyika. Ndikhala pa foni madzulo ndikaweruka. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.