Musakweze CONFIG_FRAME_WARN, chotsani katunduyo pa stack

Wowerenga wina wa ku Monkey Bay wanditumizira imelo. Akulemba driver wa Linux (pulogalamu yoyendetsa chipangizo), ndipo compiler ya GCC ikumuchenjeza kuti frame size ya function yake, kutanthauza malo omwe function imatenga pa stack, yadutsa mabayiti 2048. Stack ndi memory momwe function imasunga zinthu zake ikamagwira ntchito. Akufunsa ngati angokweza CONFIG_FRAME_WARN, nambala yomwe imaika malire a chenjezoli, kuti chenjezolo lisiye kumusokosa.

Achimwene, musatero. Pulogalamu wamba pa Linux nthawi zambiri imapatsidwa stack ya 8MB, n'chifukwa chake tinazolowera kuika array yaikulu m'kati mwa function osaganiza kawiri. Mu kernel, mtima wa Linux momwe driver amagwirira ntchito, malo ndi ochepa zedi: thread iliyonse pa x86-64 ili ndi 16KB basi, ndipo Linux 3.15 isanatuluke mu 2014 inali 8KB. Malo amenewa si anu nokha. Function yanu imaitanidwa ndi ina, iyonso inaitanidwa ndi ina, kuchokera ku system call kudutsa filesystem mpaka kufika kwa inu, ndipo iliyonse yasiya katundu wake pamenepo. Zili ngati bwato la asodzi: mukakweza matumba a usipa osaona omwe akwera kale, madzi amalowa. Array yanu ya mabayiti 4096 yadya kale gawo limodzi mwa magawo anayi. Kukweza nambala ija sikukulitsa stack ngakhale pang'ono, kumangotseka GCC pakamwa.

Choyenera n'kutenga malowo kunja kwa stack ndi function ya kmalloc, n'kuwabweza ndi kfree panjira iliyonse yotulukira, ngakhale ya error, yomwe ambiri amaiwala. Samalani apa: GFP_KERNEL, flag yomwe nthawi zambiri imaperekedwa ku kmalloc, imatha kugona (kudikira kuti memory ipezeke), choncho m'kati mwa interrupt kapena mutagwira spinlock, malo omwe kugona sikuloledwa, siigwiritsidwa ntchito. Pamenepo pali GFP_ATOMIC, yomwe siigona, koma ine ndimakonda kutengeratu buffer nthawi ya probe, pomwe driver akukonzekera kuyendetsa chipangizo, n'kuisunga mu struct ya driver.

Nthawi zina array palibe koma chenjezo lilipo. Kawirikawiri n'chifukwa choti compiler yalowetsa tima function tambiri mu function imodzi, ndipo pamenepo noinline_for_stack, yomwe imaletsa zimenezi, imathandiza. Onaninso ngati mwayatsa KASAN, chida chofufuzira zolakwika za memory, chifukwa imatupitsa ma frame. Sikiripiti ya scripts/checkstack.pl ikuonetsani omwe akudya malo ambiri.

Ena amadalira CONFIG_VMAP_STACK, yomwe inabwera mu Linux 4.9 mu 2016. Imaika guard page, malo osaloledwa kukhudza kumalire a stack, kuti stack ikasefukira kernel igwe nthawi yomweyo m'malo moononga memory ya ena mwakachetechete, koma makina agwabe. Dziwaninso kuti ikayatsidwa, buffer ya pa stack simungaipereke ku DMA (njira yomwe chipangizo chimawerengera kapena kulemba mu memory mwachindunji), ndipo ngati driver wanuyo ndi wa USB, transfer buffer iyenera kuchokera ku kmalloc ngakhale ikhale yaing'ono.