Funsani amisiri: nyumba ya malata ikasanduka balani ya fodya

FUNSO: Nditagulitsa fodya ku Chinkhoma ndinamanga nyumba ya zipinda zitatu, ndi kufolera malata, koma siling'i sindinaike. Mu Okutobala simukhalika, ana amagona pakhonde. Mu Juni timadzuka tikunjenjemera, ndipo madzi amadontha kudenga pamene mvula kulibe. Kodi ndinagula malata olakwika?
Mlimi wa ku Chamama

YANKHO: Bambo, malatawo alibe mlandu. Lata ndi chitsulo chopyapyala. Dzuwa la Okutobala likaliwomba limatha kutentha kupitirira madigiri 60, ndipo kutenthako kumatsikira pamitu panu popanda chotchinga. Usiku limazizira msanga, ndiye chinyezi cha mpweya umene mukupuma chikagunda lata lozizira chimasanduka madontho amene mukuwaonawo. Denga la udzu silitero chifukwa pakati pa udzuwo pamakhala mpweya wosayenda, umene sulola kutentha kudutsa msanga.

Ikani siling'i. Koma mvetsani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amataya ndalama: siling'iyo ikhale yotsekeka bwino, pamene pamwamba pake, pakati pa iyo ndi malata, mphepo iziyenda.

Mabolodi ambiri amakhala mamita 1.2 ndi 2.4, choncho chipinda cha mamita 3 ndi 4 chimadya mabolodi asanu mukawerengera zodulidwa. Timatabwa tokhomerapo titalikirane masentimita 40, ndipo tipakidwe mankhwala a chiswe tisanakwere. Kalipentala akafuna kupulumutsa matabwa n'kutalikitsa mipata, dzinja limodzi lokha bolodi latuluka mimba. Akamaliza kukhoma, yendani naye chipinda ndi chipinda. Pamene bolodi lakumana ndi khoma pakhomedwe kathabwa kotseka, mabowo a nthambo za magetsi amatidwe, ndipo kachitseko kokwerera kudenga kakhale kokwana bwino. Mipata imeneyi ndi imene imathawitsa mpweya wofunda mu Juni ndi kugwetsa fumbi mu Ogasiti.

Pamwambapo boolani tizenera tiwiri, kamodzi m'khoma la mbali ino ndi kena m'khoma la mbali inayo, pafupi ndi nsonga ya denga pamene mpweya wotentha umasonkhana. Nyumba ya masikweya mita 60 imafuna tizenera tiwiri ta masentimita 45 ndi 45. Tchingani ndi waya wa sefa, apo ayi mwamangira mileme nyumba, ndipo fungo la ndowe zake silituluka.

Ndalama zikalola, yalani pamwamba pa siling'i chinthu chonga thonje chopangidwa ndi galasi, chimene m'masitolo a zomangira amachitcha fibreglass, chochindikala masentimita 10. Musachipanikize kapena kuikapo katundu, mphamvu yake ili mu mpweya wa m'kati mwake. Chimayabwa, choncho woyalayo avale magolovesi, malaya a manja aatali ndi chotseka pamphuno, agwire ntchitoyo m'mamawa, ndipo aziponda pamitanda yokha.

Lilipo pepala lonyezimira ngati siliva loika pansi pa malata. Limagwira ntchito ngati mbali yonyezimirayo yayang'ana mpata wa masentimita awiri ndi theka kapena kuposa. Likapanikizika mbali zonse limangopatsira kutentha. Kuliika kumaphweka malata asanakhomedwe, ndiye kwa inu amene munafolera kale, utoto woyera wa malata ndi wosavuta: tsukani denga, liume, pakani kawiri.

FUNSO: Za mabolodi sindingakwanitse chaka chino. Mnzanga akuti ndikhome mphasa n'kuthira makoko a mtedza pamwamba. Nzoona?
Mayi wa ku Santhe

YANKHO: Mayi, theka la malangizowo ndi labwino. Mphasa za bango kapena nsungwi zoluka zimatchinga ndithu kutentha kwa malata, makamaka mukasanjikiza ziwiri ndi kusiya mpata pakati pa izo ndi denga. Zikhale zouma, ndipo zikhomedwe ndi timatabwa kuti zisalendewere. Yambani ndi chipinda chogona, zina mudzatsatiza mukakolola.

Makokowo ayi. Amatchingadi kutentha, koma amaitana makoswe, amalemera akanyowa, ndipo moto ukawagwira umanyeka mobisika mpaka denga lonse. Ngati muli ndi magetsi, a ESCOM kapena a sola, nthambo zonse zidutse m'mapaipi ake mphasa zisanakwere. Khoswe akatafuna nthambo pamwamba pa bango louma, simuona kanthu mpaka utsi.

FUNSO: Ndatseka mipata yonse ya m'mazenera ndi pansi pa chitseko. Usiku wozizira ndingalowetse mbaula kuti ana afunde?
Bambo wa ku Mtunthama

YANKHO: Musayerekeze, bambo. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, koma munthu wogona samva chilichonse. Nyumba zakale zinkapulumutsa anthu ndi mipata yake yomweyo, ndiye pamene mwatseka bwino ngozi yakula. Ngakhale makala amene asiya utsi n'kungotsala ofiira amatulutsabe mpweyawu.

Otherani panja kapena m'khitchini yotsegula, mbaula itsale komweko. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa mazenera musatimate, ndi popumira pa nyumba. Masana tsegulani makatani a mbali imene dzuwa likuwomba kuti pansi ndi makoma zifunde, dzuwa likamalowa tsekani. Wina akadzuka ndi mutu ndi kusanza m'chipinda mmene munali makala, mutulutseni panja nthawi yomweyo, tsegulani zitseko, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka.